Laputopu Imene Tinaipempherera Ili M'katoni

Kutchalitchi kwathu ku Mbayani ankanditchula kuti a Injiniya. Masiku ano ndikangolowa pageti ndimamva, "A Letesiti afika," ndipo ndimavomera, poti dzina lachipongwe ukamalikana m'pamene limakukakamira. Kusintha kwa mainaku kunabwera ndi laputopu imodzi imene ndinasankha ndekha, popanda wondikakamiza, n'kukhumudwitsa nayo mayi wokalamba pamaso pa mpingo wonse.

Uinjiniya wangawo unali wa pakamwa pa anthu chabe. Ine ndimagwira ntchito mu ofesi ya inshuwalansi m'tauni muno, ndipo kompyuta ndimaidziwa pongoigwiritsa ntchito: kulemba, kusindikiza, ikavuta kuizimitsa n'kuiyatsanso. Koma Lamulungu lina maikolofoni inafa abusa ali pakati pa ulaliki. Ndinanyamuka, n'kusintha batire, mawu n'kubwerera. Kuyambira pamenepo chilichonse chokhala ndi chingwe chinali udindo wanga (ngakhale ketulo ya amayi a mvano ikakana kuwiritsa madzi, uthenga unkabwera kwa ine). Ulemu umakoma, ndipo sindinawauzepo kuti akundikweza mopitirira.

Tili ndi pulojekita yakale yoonetsera mawu a nyimbo pakhoma, imene anatisiyira mlendo wina ine ndisanakwatire. Laputopu imene inkayenda nayo inatupa batire n'kufa, ndipo kwa nthawi ndithu tinkaimba khoma lili mbee. Chithandizo chinachokera ku banja la a Nampinga.

Malemu Bambo Nampinga anali telala wa pakhonde ku Limbe, mwana wa makolo ochokera ku Mozambiki, ndipo anali mmodzi mwa anthu amene anaumba njerwa za tchalitchi chathu. Anatisiya kalekale. Akazi awo, Mayi Nampinga, alipo ndithu. Amayenda okha ndi ndodo ndipo pakamwa pawo sipakalamba, koma maso anachita ng'ala, moti amaona chinthu pokhapokha chikakhala chachikulu ndi chowala. Tizithunzi ta amuna awo, tija tating'ono takalekale, ankangotisisita m'manja osaonapo kanthu. Mwana wawo Esnati, namwino wa ku Joni, anatenga tizithunzito ulendo wina atabwera kumudzi, n'kukatijambulitsa, n'kutiika mu fulashi. Kenako anaimbira abusa kuti akufuna kugulira mpingo laputopu yatsopano ngati chikumbutso cha bambo ake. Pempho lake linali limodzi lokha: tsiku loipereka, chinthu choyamba kuoneka pakhoma chikhale nkhope ya bambo akewo, yaikulu, kuti amayi ake ayionenso.

Ntchito yosankha inagwera ine, nanga ikanagweranso ndani? Pamsonkhano wa komiti ya katundu, wapampando wathu Bambo Chiwaya, amenenso ndi mkulu wa mpingo, anandipatsa lamulo.

"A Injiniya, mugule imene mwaiona kuti ndi yabwino, ife za zimenezi sitidziwa. Koma katoni ibwere yomata. Akatsegula ndi abusa, kuguwa, anthu onse akuona."

Lamuloli lili ndi mbiri yake. Zaka za m'mbuyomo komiti ina inagula kiyibodi imene inafika yotsegula kale, ndipo kunabuka mphekesera zakuti imeneyo ndi ya kaunjika, yatsopanoyo yapita kunyumba kwa munthu. Mabanja ena mpaka lero amapatsana moni ndi nsonga za zala. Chiyambireni nkhani imeneyo, katundu aliyense watsopano amalowa m'tchalitchi ali m'katoni mwake, tepi ili chimatire, amapemphereredwa, kenako abusa amadula tepiyo. Tinachita choncho ndi wotchi ya pakhoma, tinachita choncho ndi fani. Palibe amene anaganiza kuti laputopu si fani, ndipo woyenera kuganiza zimenezo ndinali ine.

Nthawi imeneyo n'kuti kampani ina yotchuka itangotulutsa mitundu yatsopano ya malaputopu ake. Nkhaniyi ndinailowerera ngati ndikukonzekera mayeso. Anzanga kuofesi akamapita kukadya chipisi masana, ine ndinkatsala pa desiki kuonera mavidiyo a anthu akunja akutsegula makatoni. Ndinaloweza zonse: kuti yatsopanoyo ndi yopyapyala, yopepuka, batire yake imatha tsiku osaitchaja, galasi lake limamva chala ngati la foni. Za mabowo olowetsamo zingwe amanena ndithu m'mavidiyomo, koma amanena kumapeto, ndipo ine ndinkati ndikamva zokomazo ndinkadumphira ku vidiyo ina.

Akazi anga anatopa kundimva ndikuyamikira kupyapyala kwa chinthu chimene sindinachigwirepo.

"Bambo a Tadala, kodi m'tchalitchimo laputopuyo izikathamanga mpikisano? Si yongokhala patebulo?"

"Simungazimvetse inu. Zinthu zikupita patsogolo."

"Pulojekita ija nayonso ikupita patsogolo?"

Ndinawauza kuti za makina azindisiyira ine. Amati safunsa anadya phula, koma amene anafunsidwa funso labwino n'kulikankhira kumbali sindikudziwa kuti anadya chiyani. Mwina ndi zimene ndinadya inezi.

Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Limbe. M'sitolo imene ndinalowa munali bambo wa tayi, wolankhula mofewa, ndipo anayamba kundionetsa ya chaka chatha. Inali pa shelefu, yotsegula, yoyaka, yonenepa ndithu, m'mbali mwake muli mabowo amitundumitundu. Anati aitsitsa mtengo chifukwa zatsopano zafika. Mawu akuti aitsitsa anandinyansa. Chikumbutso cha munthu woumba njerwa za tchalitchi, ine ndikagule zotsala pa shelefu?

"Ya letesiti ili kuti?" ndinafunsa.

Nkhope yake inawala. "Aa, bwana mumatsata zinthu inu. Yangofika kumene, sitinaiike n'komwe poyera." Anandilozera chithunzi chachikulu pakhoma, pomwe laputopuyo anaijambula chakutsogolo, ikunyezimira. Kenako analowa mkati n'kutuluka ndi katoni yoyera, yosalala, n'kusolola kampeni m'thumba. "Titsegule, tiiyatse muione."

Ndinamugwira dzanja. "Ayi! Tepiyo musaikhudze. Ikatsegulidwa kuguwa."

"Kuguwa?"

"Ndi ya tchalitchi. Iyenera kupemphereredwa kaye."

Anabweza kampeni kake mwaulemu (ndikhulupirira nayenso ndi mkulu wa mpingo kwinakwake) n'kunena kuti, "Ndiye basi bwana, ikayende ndi madalitso." Sanandifunse kuti ikagwira ntchito yanji, ndipo ine sindinamuuze.

Ndinabwerera kwathu ku Nancholi nditaifungatira katoniyo pamiyendo. Kondakitala anafuna kuiponya kumbuyo pamodzi ndi matumba a mbatata, tinakangana mpaka anandisiya. Kunyumba inakhala pamwamba pa wadilopu, ana ataletsedwa ngakhale kuiloza. Kunsi kwa katoniyo kunali kachithunzi koonetsa m'mbali mwa laputopu ndi tizilembo tofotokoza zonse, koma zimenezo ndinaziona pambuyo pake, zinthu zitaonongeka kale.

Tsiku lakelo tchalitchi chinadzaza mpaka ena anaima m'mazenera. Abale a Nampinga anabwera pa kalole kuchokera ku Phalombe, ndipo anayenera kubwerera tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke. Mayi Nampinga anavala chitenje chatsopano ndi duku lake, ndipo mpando wawo tinausunthira kutsogolo, moyang'anizana ndi khoma. Amayi a mvano analowa ndi katoni akuvina, nthungululu zili wawawa. Abusa anasanjika dzanja pakatoni, anapemphera kuti chipangizochi chisadzachititse manyazi nyumba ya Mulungu (ndinavomera ameni mokweza kuposa aliyense), kenako anadula tepi n'kuikweza m'mwamba laputopuyo.

"Eee!" unatero mpingo wonse.

"Koma ndi kompyutadi imeneyo? Si thireyi?" anafunsa wina kumbuyo.

Mtima wanga unadzaza. Ndinayang'ana ku benchi ya akazi anga kuti aone okha kupyapyala kuja.

"Tsopano," anatero abusa, "tipereka mpata kwa a Injiniya, kuti m'kanthawi kochepa tione nkhope ya tate wathu."

Ndinakhala pa katebulo ka kutsogolo. Bambo Chiwaya anaima pambali panga, fulashi ili m'thumba la malaya, atagwira chingwe cha pulojekita ndi manja awiri ngati akupereka mphatso. Chingwecho n'chija cha mutu waukulu wabuluu, wokhala ndi tizitsulo tomangira uku ndi uku. Ndinawauza kuti adikire kaye, makina ayake.

Inayaka bwino lomwe. Inandipatsa moni, inandifunsa chilankhulo, inandifunsa dziko. Kenako inapempha intaneti, ndipo panalibe podumphira. Laputopu yakale ija unkangoiyatsa n'kuyamba ntchito, koma iyi inanenetsa kuti popanda intaneti sisuntha. Tchalitchi chathu chilibe intaneti. Ndinati palibe vuto, ndiipatsa ya mufoni. Koma tchalitchicho chili m'chigwa, denga ndi lamalata, ndipo netiweki imagwira pa zenera limodzi lokha, lakumbuyo kwenikweni. Ndinakodola akazi anga n'kuwapempha kuti akaime pa zeneralo foni ili kunja. Anatenga foniyo n'kupita.

Abusa anakodola kwaya kuti iimbe nyimbo imodzi.

Laputopu itapeza intaneti inafuna kudziwa mwini wake. Inapempha imelo ndi pasiwedi. Mpingo ulibe imelo, ndiye ndinaika yanga, koma pasiwedi yake ndinaiiwala kalekale poti foni imandikumbukirira. Ndinayesa dzina la mwana, inakana. Ndinayesa dzina la kumudzi, inakana. Inandiuza kuti yanditumizira nambala zachinsinsi pafoni, foni imene inali kunja kwa zenera kumapeto kwa tchalitchi. Akazi anga, posafuna kufuula m'nyumba ya Mulungu, ananong'oneza nambalazo munthu wa pafupi, iyenso n'kunong'oneza wa kutsogolo kwake. Zinayenda benchi ndi benchi, zinadutsa kwa amayi a mvano, zinadutsa kwa alendo a ku Phalombe, ndipo pofika kwa ine zinali zitawonjezekera. Tinabwereza ulendo wachiwiri. Chinsinsi changa tsiku limenelo anachidziwa anthu ambiri kuposa amene anabwera ku ukwati wanga.

Kwaya itamaliza nyimbo yachitatu kunakhala bata pang'ono, ndipo m'batamo munamveka mawu a Mayi Nampinga.

"Kodi atuluka?"

"Akubwera, mayi," anayankha abusa.

Nambala zitalowa ndinapuma. Koma pagalasi panabwera kamkombero kozungulira, ndi uthenga wakuti makina akudzikonza, ndisawazimitse. Chinthu chatsopano, chochokera m'katoni yomata, chopemphereredwa, chikudzikonza chiyaninso? Abusa, amene ndi munthu wodekha, anaona nkhope yanga n'kulengeza kuti tisintha ndondomeko, ulaliki uyambe. Analalikira za kudikira. Sindikudziwa ngati ndi zimene anakonzekera, koma analalikira mokoka, akumandiyang'ana m'mbali, ine ndikupukusa mutu pang'ono, iwo n'kutsegula vesi ina. Ulaliki unatha, zolengeza zinatha, chopereka chinadutsa. Bandulo yanga inathera m'njira, ndipo akazi a abusa anabwereketsa foni yawo. Panja, dalaivala wa kalole ka ku Phalombe anayamba kuliza hutala. Bambo Chiwaya anali chiimire ndi chingwe chawo, atasintha phazi lokha.

"Kodi atuluka?"

"Atsala pang'ono, mayi."

Kenako kamkombero kanasowa, galasi linayera, laputopu inakonzeka. Ndinaimirira, ndinakonza tayi, n'kunena mokweza ndithu kuti, "Bweretsani chingwe."

Ndinayang'ana mbali ya kumanzere. Panali timing'alu tiwiri, kukula kwake ngati njere ya mpunga. Ndinayang'ana kumanja, panali kabowo kamodzi ka zomvera m'makutu. Ndinayang'ana kumbuyo, kunali kosalala. Ndinaitembenuza chadodolido ngati mwina anabisa pansi. Mutu wabuluu uja unali wonenepa kuposa laputopu yonseyo. Ndinapempha fulashi kuti mwina tione pagalasi pomwepo, nayonso inalibe polowa. (Ndinayesa kukankha ndithu, Mulungu andikhululukire.) Apa zinthu zinafika pa mwana wakana phala.

Bambo Chiwaya anawerama kuti andinong'oneze, koma anaiwala kuti maikolofoni ya zolengeza inali patebulo pomwepo, yoyaka, ndi batire imene ndinaika ndekha m'mawa.

"A Injiniya, polowetsa pali pati?"

"Palibe."

"Palibe bwanji?"

"Ndi ya letesiti."

Mawu anga anamveka m'masipika onse, mpaka kwa amene anaima panja. Kuseka kunayambira ku kwaya, kunafalikira m'mabenchi, ndipo ngakhale abusa anabisa nkhope m'buku la nyimbo. Dzina langa latsopano linabadwa pomwepo.

Mayi Nampinga okha sanaseke. Anali atavala magalasi awo, atawapukuta, akuyang'anabe khoma pomwe panali kuwala kopanda kanthu. Abusa anapita kukawerama pafupi nawo n'kuwafotokozera kuti lero zakanika. Mayiwo anati, "Zikomo, abusa. Ndinadziwa ine. Amenewo sanasungepo nthawi. Diresi la Khirisimasi ankalimaliza anthu atavina kale."

Anthu anasekanso, koma ine ndinali pafupi. Ndinawaona akuvula magalasi aja n'kuwakulunga m'kampango. Zinandipweteka kwambiri, kuposa kusekedwa kuja. Mayi ameneyu sanapemphe laputopu yopyapyala. Anangofuna kuona mwamuna wake, ndipo ya chaka chatha ija, yotsitsidwa mtengo, ikanamuonetsa nyimbo yoyamba isanathe. Alendo a ku Phalombe anakwera kalole kawo osaona chimene anadzera.

Pobwerera tinakwera minibasi n'kutsika ku Nancholi. Tikuyenda kulowera kunyumba m'pamene akazi anga anati, "Koma ndi yopyapyaladi." Madzulo Esnati anaimba. Sanakalipe, anangoti, "Achimwene, amayi akuti sanaone." Akanakalipa bwenzi zili bwino.

Lolemba ndinapempha kutuluka msanga kuofesi n'kuthamangira ku Limbe. Bambo wa tayi uja anandimvetsera mwachifundo.

"Aa bwana, imeneyo imafuna adaputa. Mukananena kuti muli ndi pulojekita ya makolo."

"Ndipatseni adaputayo."

"Zili m'njira. Muyesere mwezi wamawa."

Ndinayenda sitolo ndi sitolo, Limbe yense, mutu wa chingwe uja nditaujambula mufoni kuti ndizionetsa. Ena ankandipatsa tchaja, ena ankangoseka. Ndinakaipeza m'tauni mkati, m'kasitolo ka pansi pa masitepe: kabokosi kokhala ndi mchira, m'mbali mwake muli mabowo onse aja ndinawanyoza pa shelefu. Ukakalumikiza, laputopu yopyapyala ija imakhala ndi katundu wolendewera wochuluka kuposa yonenepa ija. Bambo Chiwaya anandilola kutenga zonse kunyumba kuti ndikayese, atandichenjeza kuti ndikabweze chilichonse mpaka katoni. Ndinayesa pakhoma la pabalaza mobwerezabwereza, mpaka ana anga anailoweza nkhope ya Bambo Nampinga.

Ndikanatha kudikira Lamulungu lotsatira, koma sindinafunenso kulonjeza mayi uja pagulu, komanso ndinayenera kukapepesa ndekha. Loweruka masana ndinanyamula pulojekita, laputopu ndi zingwe zonse m'chikwama, n'kukwera chitunda cha Mbayani wapansi, kudutsa okhoma zidebe ndi ogulitsa makala. Ndinafika thukuta lili kamukamu. Mayi Nampinga anandilandira pakhonde, ndinagwada, ndinapepesa, anandiuza kuti ndidzuke ndisadetse thalauza. Titalowa m'nyumba ndinafunsa pomwe pali soketi.

"Ilipo apo, koma magetsi anathima m'mawa."

Apa n'kuti nditatulutsa kale chingwe m'chikwama.

"A Injiniya," anatero, "lero mwabwera ndi chifukwa chanji?"

Pulojekita popanda magetsi ndi bokosi chabe. Koma laputopu inali ndi moto wake, batire ija ndinkaitama. Ndinatseka katani, ndinaiika patebulo, ndinalumikiza kabokosi ka mchira ndi fulashi, n'kukweza kuwala mpaka pamapeto. Ndinatsegula chithunzi choyamba n'kuchikulitsa mpaka nkhope inadzaza galasi lonse. Bambo Nampinga ali pakhonde lawo ku Limbe, tepi yoyezera ili m'khosi, akumwetulira chammbali.

Mayi Nampinga anakoka mpando, anavala magalasi, anasendera mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi. Anakhala choncho nthawi yaitali. Ine ndinayang'ana kumbali, poti zinthu zina si zoonerera.

"Ndi iwowa," anatero pomaliza, motsitsa. "Ee, ndi iwowa." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, anasenderanso, kenako mawu anasintha. "Taonani kolala. Telala wathunthu, kujambulitsa kolala itapindika."

Anatambasula chala kuti aikonze. Ndinaiwala kuwachenjeza kuti galasi limeneli limamva chala. Atangosisita kolalayo, Bambo Nampinga anatsetsereka n'kusowa, pamalo pawo n'kubwera chithunzi cha gulu la anthu pa ukwati.

"Iii! Apita kuti?"

"Mwawakankha, mayi. Galasili limatsatira chala."

"Ndiye kuthawa kwake kumeneko? Tabwererani kuno inu, ndikungofuna kukonza kolala."

Ndinawaonetsa kuti akasisita chobwerera, munthu amabwerera. Anayesa okha, Bambo Nampinga anabwera. Anawakankhanso, anawabwezanso, n'kuseka mpaka kutsokomola. Anati moyo wonse sanawapezepo omvera chonchi. Tinaona zithunzi zonse, chimodzichimodzi, iwo akundiuza kuti jekete ili anabwereka kwa ndani, apa n'kuti atakangana m'mawa mwake. Koma ankabwererabe ku choyamba chija. Magetsi sanayake mpaka ndinachoka, ndipo batire sinathe. Pa chimenechi chokha mavidiyo aja sananame.

Potuluka anandiuza kuti, "Mawa kutchalitchi musawaike ndi kolala imeneyi, anthu angawaseke. Muike cha jekete." Ndinaika cha jekete, ndipo chinatuluka pakhoma nyimbo yoyamba isanayambe. Ndinafika m'mamawa kukayesa, tchalitchi chisanatsegulidwe n'komwe.

Komiti inakhala pansi n'kukonza lamulo lija. Tsopano katundu watsopano amatsegulidwa Loweruka pamaso pa komiti, ayesedwe, kenako amamatidwanso tepi kuti Lamulungu abusa apeze chodula. Ine ndinaphunzira kutembenuza chinthu ndisanagule, kuona m'mbali, kumbuyo ndi pansi, ndi kufunsa kaye chimene chizikagwira nacho ntchito. Kapena ndinene kuti ndikuphunzira, chifukwa posachedwapa ndinadutsa pa sitolo ija ku Limbe ndipo pakhoma panali chithunzi cha ina, yopyapyala kuposa yathuyi. Ndinaima ndithu. Anachita kundikoka malaya ndi akazi anga.

Mpingo wonse umanditchula a Letesiti, ngakhale ana a Sande sukulu. Amene sanasinthe ndi Mayi Nampinga okha. Tikaweruka amandidikira pakhomo ndi ndodo yawo, ine ndikutuluka ndi chikwama cha laputopu.

"A Injiniya, abambo ali bwanji m'menemo?"

"Ali bwino, mayi."

"Kolala ija?"

"Ikadali yopindika."

"Asiyeni. Loweruka mubwere nawo, ndidzayesenso."